Kampani Imaulula Ikafunsidwa: Zimene Ndaona ku Migodi ya Rustenburg

Chaka ndi chaka, makampani akuluakulu okumba miyala ya pulatinamu ku Rustenburg, m'dziko la South Africa, amatulutsa mabuku a masamba mazanamazana ofotokoza ntchito zawo. M'mabukuwa mumakhala zithunzi zokongola za ana a sukulu, amayi ovala zipewa za mumgodi ndi mitengo yongobzalidwa kumene. Mumakhalanso manambala: matani a mpweya wotenthetsa dziko amene kampani idatulutsa, madzi amene idagwiritsa ntchito, magetsi amene idagula, ndi chaka chimene ikulonjeza kuti idzaleka kuwonjezera mpweya woipa mumlengalenga. Munthu wowerenga koyamba angaganize kuti makampaniwa adangodzuka tsiku lina ndi mtima wabwino n'kuyamba kuulula zonsezi. Ine ndakhala pafupi ndi migodi imeneyi zaka zoposa 15, ndipo ndaona kuti kuseri kwa nambala iliyonse yaphindu kuli wina amene adaikakamiza kuti ituluke. Pena ndi lamulo, pena chigamulo cha khoti, pena mwini masheya amene adaimirira pamsonkhano, penanso amayi amene adatopa ndi fumbi n'kuyamba kulemba madandaulo. Kampani imayankha amene waifunsa mwamphamvu, ndipo pa zimene palibe adazifunsa imangoti zii.

Ndikulembera inu, alangizi a m'midzi ndi achikumbi anzanga a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, chifukwa migodi ikuyandikira minda yanu, ndipo mabuku onga amenewa ayamba kufika m'manja mwa mafumu ndi makomiti a chitukuko. Ndi bwino mudziwe mmene amabadwira.

Dziko la pulatinamu

Mzinda wa Rustenburg uli m'chigawo cha North West, kumadzulo kwa Pretoria, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg. Pansi pa nthaka yake pali mzere wa miyala wotchedwa Merensky, potengera dzina la katswiri Hans Merensky amene adauzindikira m'chaka cha 1924. Dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wokumbidwa padziko lapansi, ndipo dera lino ndilo lakhala phata la ntchitoyi. Kampani ya Impala Platinum imakumba pa malo a mtundu wa Bafokeng, pafupi ndi Phokeng. Kampani ya Sibanye-Stillwater idagula migodi ya Anglo American Platinum ya ku Rustenburg m'chaka cha 2016, kenaka idagulanso kampani ya Lonmin ya ku Marikana mu 2019. Anglo American Platinum, imene idasintha dzina mu 2025 n'kukhala Valterra Platinum, idasunga ng'anjo zake zosungunulira miyala za ku Waterval pamodzi ndi mafakitale oyeretsera zitsulo.

Pulatinamu wambiri amapita m'tizipangizo timene amaika kumpope wa utsi wa galimoto kuti tizisefa utsiwo. Choncho mwala umene umakumbidwa kuno ndiwo umayeretsa mpweya m'misewu ya ku Berlin, ku Tokyo ndi ku London. Makampani amanyadira zimenezi, ndipo n'zoona. Koma amene akukhala pamene mwalawo ukukumbidwa ndi kusungunulidwa ali ndi funso lawolawo lokhudza mpweya umene iwo akupuma.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Bambo anga adali m'gulu la amuna amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo adabwerako ndi njinga, jekete lolemera ndi chifuwa chosatha. Palibe pepala limene adapatsidwa lofotokoza zimene adapuma pansi pa nthaka, ndipo m'masiku awo palibe amene akadalimba mtima kulipempha. Ine ndidabwera kuno ndi makina osokera, ndipo ndimakhala m'dera la tinyumba ta malata, pakati pa Atswana, Axhosa, Asotho ndi anzathu a ku Mozambique. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Loweruka madzulo timakumana patchalitchi, anthu ochepa chabe, kuwerenga malipoti a makampani ndi kuwamasulira m'ziyankhulo zathu. Zimene ndikulemba pano ndidaziphunzirira pa mabenchi amenewo.

Utsi wa mitundu iwiri

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti mgodi umatulutsa utsi wa mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi umene umapweteka pompano: fumbi louluka kuchokera pa milu ya zotsalira za mumgodi mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, ndi mpweya wa salufa wochokera m'ng'anjo, umene umayabwa kukhosi ndi kutsokomoletsa ana. Mtundu wachiwiri ndi mpweya wa kaboni, umene sununkha ndipo suoneka, koma umaunjikana mumlengalenga n'kumasunga kutentha ngati bulangeti. Umenewu ndiwo ukusokoneza nyengo, kuchedwetsa mvula yobzalira ndi kukulitsa mphamvu ya anamondwe.

Mgodi wa pulatinamu umadya magetsi ochuluka zedi. Zitsime zina zimatsika kupitirira kilomita imodzi, ndipo pansipo pamatentha kwambiri, moti pamafunika makina opopera mpweya, oziziritsa, okoka madzi ndi okweza miyala, usana ndi usiku. Miyalayo ikatuluka imaperedwa, kenaka imasungunulidwa m'ng'anjo za magetsi zotentha kupitirira madigiri 1,000. Magetsi ambiri amachokera ku kampani ya boma ya Eskom, ndipo pafupifupi magawo 8 mwa 10 a magetsi a dziko lino amapangidwa potentha malasha, makamaka m'chigawo cha Mpumalanga ndi ku Lephalale. Kotero gawo lalikulu la mpweya wa kaboni wa migodi ya ku Rustenburg limatulukira m'machumuni a kutali, makilomita mazanamazana kuchokera pamene pali mgodi.

N'chifukwa chake owerengera amagawa mpweyawu patatu. Gawo loyamba ndi umene kampani yatulutsa yokha, monga wa dizilo wa magalimoto ake ndi malasha a m'mafakitale ake. Gawo lachiwiri ndi wochokera ku magetsi amene yagula. Gawo lachitatu ndi wa onse amene imachita nawo malonda, kuyambira wopanga simenti ndi zitsulo zimene imagula mpaka wonyamula katundu wake panyanja. Kampani itangoulula gawo loyamba lokha, ingaoneke yoyera ngati ufa wa mpale. Kuti gawo lachiwiri ndi lachitatu zizilembedwanso, padafunika anthu oumirira kwa zaka zambiri.

Zimene lamulo lidachita

Malamulo a dziko la South Africa pa nkhaniyi adabwera pang'onopang'ono, ngati munthu wokwera phiri. Malamulo aakulu a dziko a 1996, pa ndime 24, amapatsa aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake. M'chaka cha 2000 padabwera lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata, kwa boma ngakhalenso kwa makampani. Mu 2004 padakhazikitsidwa lamulo loona za ukhondo wa mpweya, ndipo mu 2010 boma lidaika malire a utsi umene ng'anjo ndi mafakitale angatulutse. Mu 2012 dera la Waterberg ndi Bojanala, mmene muli Rustenburg, lidalengezedwa kuti ndi lofunika chisamaliro chapadera pa nkhani ya mpweya.

Mbali ina kudali msika wa masheya wa ku Johannesburg, wotchedwa JSE, kumene makampaniwa amapeza ndalama. Kuyambira 2007, makampani akuluakulu a pamsikawu adayamba kulandira mafunso a Carbon Disclosure Project, amene ankafunsidwa m'malo mwa mabungwe osunga ndalama za anthu. Kuyankha kudali kodzifunira, koma mayina a okana kuyankha ankasindikizidwa, ndipo manyazi adagwira ntchito imene lamulo lidali lisadayambe kugwira. Mu 2009 komiti yotsogoleredwa ndi Mervyn King idatulutsa ndondomeko yachitatu ya kayendetsedwe ka makampani, ndipo kuyambira 2010 makampani a pa JSE adayenera kutulutsa lipoti lophatikiza za chuma, za anthu ndi za chilengedwe, kapena kufotokoza chifukwa chimene sakutero. Mu 2022 JSE idatulutsanso malangizo a mmene makampani angaululire za kusintha kwa nyengo, ngakhale kuti malangizowo adali osakakamiza.

Kukakamiza kwenikweni kudayamba mu 2017, pamene boma lidalamula kuti makampani otulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko azipereka manambala awo ku unduna chaka chilichonse. Pa 1 Juni 2019 msonkho wa kaboni udayamba, pa mtengo wa R120 pa tani imodzi, koma boma lidapereka mwayi wochotsera waukulu, moti makampani ankalipira pakati pa R6 ndi R48 pa tani. Pofika 2025 mtengo wa pamwambawo udali utakwera kufika pa R236. Msonkhowu umawerengera mpweya umene kampani yatulutsa yokha, choncho mgodi umene mpweya wake wambiri uli m'gawo la magetsi sumva kuwawa kwenikweni. Mu Julaye 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina lamulo la kusintha kwa nyengo, limene limapatsa boma mphamvu yoikira makampani akuluakulu mlingo wa mpweya umene asaupitirire.

Wina anganene kuti pamenepa nkhani yatha. Koma kupereka manambala ku unduna ndi kwina, kuwaonetsa kwa anthu ndi kwinanso. Bungwe la maloya a zachilengedwe la Centre for Environmental Rights litapempha malipoti amene makampani akuluakulu, monga Eskom ndi Sasol, adapereka ku boma, lidalandira mapepala ofufutidwa malo ofunika, pa chifukwa chakuti zimenezo ndi zinsinsi za malonda. Lidachita apilo, ndipo mu 2020 nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, Barbara Creecy, idagamula kuti manambalawo atulutsidwe. Lamulo lidalipo kale, koma padafunika wina wogogoda pakhomo kuti chitseko chitseguke.

Zimene anthu adachita

Kuno ku Rustenburg, amene adayamba kugogoda mwakhama ndi bungwe la mipingo la Bench Marks Foundation. Mu 2007 lidatulutsa kafukufuku wotchedwa The Policy Gap, woyerekeza zimene makampani a pulatinamu ankalemba ndi zimene anthu a m'midzi yozungulira ankakumana nazo. Bungweli lidayambanso kuphunzitsa achinyamata ndi amayi a m'madera a migodi kulemba zimene akuona: tsiku, malo, fungo, mtundu wa madzi, ming'alu ya nyumba. Mu Ogasiti 2012 lidatulutsa kafukufuku wina wochenjeza za umphawi ndi mkwiyo m'madera amenewa. Patangopita masiku ochepa, pa 16 Ogasiti 2012, apolisi adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin amene ankanyanyala ntchito ku Marikana.

Mwina mukufunsa kuti imfa za ku Marikana zikugwirizana bwanji ndi malipoti a za nyengo. Zikugwirizana chifukwa zidaphunzitsa dziko lonse kuti buku lokongola likhoza kuyenda limodzi ndi moyo wonyansa. Lonmin idali kutulutsa malipoti a chitukuko chaka ndi chaka. Komiti yofufuza za imfazi, imene idatsogoleredwa ndi woweruza wopuma Ian Farlam ndipo lipoti lake lidatuluka mu 2015, idapeza kuti kampaniyo idalonjeza kumanga nyumba 5,500 za antchito ake, koma idamanga zitatu zokha zachionetsero. Antchito ambiri ankakhala m'tinyumba ta malata ku Nkaneng, kopanda madzi okwanira ndi zimbudzi zabwino. Mu 2013 Bench Marks idachita chinthu chosavuta koma chanzeru: idatenga malipoti a Lonmin a zaka 10, kuyambira 2003 mpaka 2012, n'kuwayala pamodzi, kuona lonjezo la chaka chino ndi kufufuza ngati lidakwaniritsidwa chaka chotsatira, pa nyumba, pa madzi ndi pa mpweya wa salufa. Umboni udachokera m'mawu a kampani yomweyo. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo lonjezo lolembedwa nalonso siliwola, bola pakhale wolisunga.

Ena adapita kukhoti. Anthu a ku Vanderbijlpark, kudzera m'bungwe la Vaal Environmental Justice Alliance, adapempha kampani yopanga zitsulo ya ArcelorMittal kuti iwapatse zikalata zofotokoza mmene fakitale yake idaipitsira nthaka ndi madzi. Kampaniyo idakana, koma mu Novembala 2014 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti iwapatse. Chigamulochi chidakhazikitsa mfundo yakuti kampani imene ntchito zake zimakhudza chilengedwe singabise zikalata zotere kwa anthu oyandikana nayo. Mu 2015 Centre for Environmental Rights idatulutsa kafukufuku wotchedwa Full Disclosure, woona makampani 20 a pamsika wa masheya, ndipo idasonyeza kuti ambiri ankaphwanya malamulo a zachilengedwe popanda kuwauza bwinobwino eni masheya awo.

Enanso adatsata kumene ndalama zikuchokera ndi kumene katundu akupita. Amayi a ku Marikana a gulu la Sikhala Sonke adakadandaula mu 2015 ku ofesi yolandira madandaulo ya International Finance Corporation, nthambi ya World Bank imene idaika ndalama mu Lonmin mu 2007. Chaka chomwecho Bishopu Jo Seoka wa mpingo wa Angilikani adakwera ndege kupita ku Mannheim, m'dziko la Germany, kukayankhula pamsonkhano wa pachaka wa eni masheya a BASF, kampani imene inkagula pulatinamu wambiri wa Lonmin. Funso lake lidali lakuti wogula ali ndi udindo wanji pa zimene zikuchitika kumene akugula. Mu Meyi 2019 bungwe la RAITH Foundation, limene lidali ndi masheya ochepa chabe mu Standard Bank, mothandizidwa ndi bungwe la Just Share, lidapereka mfundo pamsonkhano wa eni masheya yoti bankiyo iulule ndondomeko yake yokongoza ndalama ku ntchito za malasha. Mavoti 55 mwa 100 alionse adavomereza. Aka kadali koyamba m'dziko lino kuti eni masheya avotere mfundo yotere, ndipo makampani ena onse adamva mkokomo wake.

Lero makampani a pulatinamu amaulula mpweya wawo wa kaboni mwatsatanetsatane, ndipo adalengeza zolinga zawo. Sibanye-Stillwater ndi Anglo American Platinum adalonjeza kufika posawonjezera kaboni pofika 2040, Impala pofika 2050. Ayambanso kugula magetsi a dzuwa ndi a mphepo, ena mwa iwo opangidwa kutali m'chigawo cha Northern Cape, ngakhale kuti kuzimazima kwa magetsi a Eskom ndi kukwera mtengo kwake zidathandizanso kuwakankhira kumeneko. Zimenezi ndi zenizeni ndipo sindikuzinyoza. Zaka 20 zapitazo sitikadaziona.

Zolembedwa ndi zosalembedwa

Komabe tikamawerenga patchalitchi paja, pali chimene chimationekera nthawi zonse. Manambala a kaboni amakhala patsogolo, olembedwa bwino, otsimikizidwa ndi owerengera a padera, chifukwa amene amawafunsa ndi mabanki ndi osunga ndalama za penshoni a ku London ndi ku New York, anthu amene kampani imawaopa. Koma ukafuna kudziwa kuti makina oyezera mpweya amene ali pafupi ndi mudzi wanu adawerenga chiyani usiku umene ana adatsokomola mpaka mbandakucha, umafufuza masamba ambiri, ndipo kawirikawiri umangopeza nambala imodzi ya chaka chonse ya kampani yonse. Nambala yotereyi ili ngati kumuuza mlimi kuti mvula ya dziko lonse idagwa bwino, pamene m'munda mwake chimanga chidapserera mu Febuluwale.

Chaka china masamba a mpiru wanga adachita mawangamawanga ngati awauka, ndipo anansi anga atatu adaona zomwezo m'madimba awo. Tidalemba kalata kwa eni ng'anjo ina yapafupi, ndipo yankho lidali lakuti zonse zili m'malire a chilolezo chawo. Tidalembanso kupempha kope la chilolezocho ndi manambala a masiku amenewo, titchula lamulo lopempha zikalata, ndipo tidasaina anthu 40 pamodzi ndi abusa. Kalata yachiwiriyi ndiyo idabweretsa munthu wa kampani kudzakhala nafe pansi. Mayi wina wachikulire wa gulu lathu adamuuza kuti, "Mwanawe, ife sitikukana kuti mumalemba zoona. Tikungofuna zoona za pakhomo pathu pano."

Taphunziranso kusamala ndi nambala imene yatsika. Kampani ikagulitsa mgodi kwa inzake, mpweya wa m'buku lake umatsika, koma mumlengalenga simusintha kanthu, chifukwa mgodiwo ukugwirabe ntchito ndi dzina lina. Chitsime chikatsekedwa, nambala imatsikanso. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zitsulo za m'gulu la pulatinamu idagwa ndipo anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito; mpweya umene watsika pa chifukwa chotere sungawerengedwe ngati chipambano. Pena kampani imasankha chaka choyambira kuwerengera chimene utsi wake udali wochuluka kwambiri, kuti zaka zotsatira zioneke bwino. Pena imanena za mpweya wa pa mlingo umodzi wa chitsulo, osanena wonse pamodzi. Ndipo lonjezo la 2050 limaperekedwa ndi akuluakulu amene adzakhale atapuma kalekale nthawiyo ikadzafika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: funsani zimene zichitike chaka chino ndi chaka chamawa, ndi ndalama zimene zapatulidwa.

Pali mbali inanso imene malipoti ambiri amaiona ndi diso la kampani lokha. Akamalemba za kuopsa kwa kusintha kwa nyengo, amatanthauza kuopsa kwa pa chuma chawo: chilala chingachepetse madzi a m'fakitale, mvula yamphamvu ingagumule damu la matope, msonkho ungakwere. Koma chilala cha 2015 ndi 2016 chitafika m'chigawo chino, mgodi ndi mudzi zidali kuyang'ana madamu ndi mipope yomweyo. Funso la mudzi ndi lakuti, madzi akachepa ndani ayambe kumwa, ndipo damu la matope likagumuka matopewo alowera kuti? Damu lotere litagumuka ku Brumadinho, m'dziko la Brazil, mu Januwale 2019 n'kupha anthu 270, osunga ndalama za penshoni za Church of England pamodzi ndi anzawo a ku Sweden adalembera makampani a migodi mazanamazana kuwapempha kuti aulule madamu awo onse, ndipo ambiri adaulula m'miyezi yochepa. Zikalatazo zidalipo kale m'maofesi. Chidasowa ndi wofunsa amene sakadakanidwa.

Nanga kwathu?

Kusintha kwa nyengo ife sitikuwerenga m'mabuku. Namondwe Idai adatigwera mu 2019, Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo Freddy mu Malichi 2023 adasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Mu Malichi 2024 boma la Malawi lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kaamba ka chilala. Mlimi wa ku Phalombe sadatenthepo malasha ochuluka, koma ndiye akulipira. Ali ndi ufulu wonse wofunsa amene akutulutsa mpweyawu kuti akutulutsa wochuluka bwanji, ndipo aleka liti.

Nthawi yomweyo migodi ikubwera. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene udatsegulidwa mu 2009 n'kuimitsidwa mu 2014, udayambiranso mu 2025 pansi pa eni atsopano. Kuli ntchito za migodi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Ku Moatize, m'chigawo cha Tete, malasha akhala akukumbidwa mochuluka kuyambira 2011, ndipo mu Januwale 2012 mabanja amene adasamutsidwira ku Cateme adatseka njanji pofuna kuti malonjezo akwaniritsidwe. Ku Zambia, mu Febuluwale 2025, damu la zotsalira za mgodi wa kopa ku Chambishi lidagumuka n'kuthira asidi m'mitsinje yothira mu Kafue. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Zida zofunsira tili nazo. Malawi ili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndiponso lamulo losamalira zachilengedwe la 2017, limene limafuna kuti ntchito yaikulu iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Makampani ambiri amene akukumba kwathu ali pa misika ya masheya ya ku Australia, ku Canada kapena ku London, ndipo zimene amauza eni masheya awo zimapezeka pa intaneti kwa aliyense. Mphunzitsi mmodzi wa m'mudzi amene ali ndi foni akhoza kuyerekeza zimene kampani yauza anthu a ku Perth ndi zimene yauza anthu pabwalo la mfumu.

Malangizo anga ndi ochepa. Yambani kulemba mgodi usadayambe: kuya kwa zitsime zanu m'mwezi wa Okutobala, mtundu wa madzi a mumtsinje, zokolola za munda uliwonse, matenda amene amafala. Popanda zimenezi, mawa mudzauzidwa kuti zinthu zidali choncho kuyambira kale. Pemphani kope la lipoti lounika za chilengedwe ndi la chilolezo, ndipo pemphani kuti mfundo zake zimasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Lonjezo lililonse lilembedwe, likhale ndi tsiku ndi siginecha, ndipo kope lisungidwe ndi anthu oposa mmodzi, amayi akhalepo. Funsani kuti magetsi ndi madzi a mgodiwo achokera kuti, ndipo chaka cha chilala adzagawidwa bwanji. Funsani manambala a malo anu, a mwezi ndi mwezi, opachikidwa pasukulu kapena pachipatala pamene aliyense angawaone. Dziwani amene akukongoza kampaniyo ndalama ndi amene akugula katundu wake, pakuti kawirikawiri khutu limene limamva msanga lili kumeneko. Ndipo musapite mmodzimmodzi: gwirizanani ndi mipingo, mizikiti, makalabu a alimi ndi mabungwe a maloya.

Sindikunena kuti mgodi ndi mdani. Anansi anga ambiri amadyetsa mabanja awo ndi malipiro a mumgodi, ndipo zovala zimene ndimasoka amagula ndi ndalama zomwezo. Ngakhale m'makampanimo muli akatswiri oona mtima amene amafuna kuyeza ndi kuulula, ndipo kalata ya mudzi imawapatsa mphamvu pamaso pa mabwana awo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ng'anjo ya Waterval idaikidwa makina ogwira salufa n'kumusandutsa asidi wogulitsa, umboni wakuti utsi ukhoza kuchepetsedwa pamene kampani yaona kuti nthawi yakwana. Ntchito yathu ndi kuifulumizitsa nthawiyo.

Anthu a ku Rustenburg adayamba kufunsa migodi itakumbidwa kale kwa zaka zoposa 70, milu ya matope itatalika ngati mapiri. Inu a ku Kasiya, ku Balaka ndi ku Phalombe muli ndi mwayi umene iwo adalibe, wofunsa khasu lisadalowe pansi kwenikweni. Safunsa adadya phula. Msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera lanu ukadzachitika mwezi uno, wina apite ndi kope ndi cholembera, ndipo tsamba loyamba alembepo tsiku ndi kuya kwa madzi a m'chitsime cha mudzi.